Tambala wa bambo a Tionge

Usiku watha ndinalota zoti mukamva museka, anzanga, koma ine ndadzuka thukuta lili kamukamu. Paja ndinakuuzani kuti bambo a Tionge alandira ndalama zawo zopumira pa ntchito ya udalaivala, ndipo akufuna kuziponya zonse m'masheya a kampani ina imene mtengo wake akuti ukungokwera. Dzulo tinakangana. Ndinawafunsa ngati kampaniyo imagawako phindu kwa eni masheya, madividendi aja, iwo n'kundiyankha kuti ku tauni apita okha, ine ndizisoka madiresi anga. Tinagona chofulatirana.

Ndiye m'malotomo tili pa msika wa masheya, koma msikawo ndi wa nkhuku, zitosi paliponse. Amunanga ali patsogolo, ndalama za ukalamba wathu atazimanga pa mpango wanga. Watilandira bwana wa jekete, akamalankhula tayi yake ikusinthasintha mtundu, mwadzidzidzi maso atuzuka, lina likuyang'ana ine, lina likuyang'ana mpango. Bilimankhwe weniweni, koma nsapato sanavule.

Anatitengera pa sheya imene amunanga amaifunayo. Anali tambala wonenepa, nthenga zili waliwali, ataima padenga. Bilimankhwe akuti tambalayo dzana anali pa mpanda, dzulo mu mtengo wa mapeyala, lero padenga, mawa kaya. Amunanga kukamwa kuli yasa. Ine ndinamufunsa tambalayo mwaulemu.

"Achimwene, kodi inu mumaikira?"

"Mayi, ine ntchito yanga n'kukwera, basi."

Ndinati kukwerako kwerani, koma ife m'mawa tizikazinga chiyani.

Bilimankhwe ataona kuti mayi uyu ndi wovuta, anapisa m'thumba n'kutulutsa kankhuku kokhala pa dzira lalikulu kuposa iko komwe. Amunanga mpaka anaomba m'manja. Mwadzidzidzi sikelo ya wogulitsa nyemba inatsokomola, n'kundinong'oneza kuti dziralo silinakule ayi, ndi lofanana ndi la chaka chatha, yatha ndi nkhukuyo chifukwa ili ndi chitopa. Ndinaithokoza sikeloyo, inati palibe kanthu, ndipereke moni kunyumba.

Ndiye pansi pa benchi ndikuona thadzi lokalamba, khosi lopanda nthenga, palibe akuliyang'ana. Ndinaligwira kumbuyoku ndi zala monga tichitira pogula nkhuku, n'kulifunsa mbiri yake. Ilo linangoimba mluzu, mazira akubwera pamzere atavala yunifomu ya sukulu, lililonse likutchula chaka chake. Ili la chaka cha njala, ili la chaka chimene kwacha inagwa, ili la chaka cha madzi osefukira. Ang'onoang'ono, sindinama, koma mzere wosaduka. Mpata unali pamodzi pokha, ndipo thadzilo linapepesa kuti chaka chimenecho linkakonza khola.

Amunanga anati timazira totere n'tochititsa manyazi, munthu sungatchule pa anthu. Nditembenuke kuti ndiwayankhe, mwadzidzidzi achepa, akhala pansi pa benchi pambali pa thadzi lija, dazi lawo lili mbuu ngati dzira. Anzanga, anandimvetsa chisoni, komanso ndinawakonda zedi. Ndinawakumbutsa kuti ndili mtsikana atambala analipo, ena a njinga zamoto, koma ndinasankha iwo. Mwezi ukatha ankabwera ndi kashuga ndi kasopo, osaphonya, mpaka Tionge wathu anamaliza sukulu.

"Thadzi langa ndinu," ndinatero.

Iwo anati ndisanene mokweza, anzawo a ku bawo angamve.

Tili mkati moseka, mpango uja wamasuka, ndalama zamera mapiko, zikuulukira padenga kumene tambala wayasamula akudikira. Ndikudumpha osazifikira, miyendo yalemera. Ndinagwada n'kulichonderera thadzi kuti lindiuze msanga dzina la kampani yake tisanasauke, ilo n'kutsegula mlomo likungoti shwe, shwe, shwe.

Ndinadzidzimuka kunja kutayera, pabedi ndili ndekha. Shwe shwe uja anali bulashi, bambo a Tionge ali pakhonde kupolisha nsapato zopitira ku tauni. Ndinasuzumira pazenera. Zawo anali atamaliza kale, zili pambali. Zimene ankapolishazo zinali zanga.