Kata Yotsimphina

Lolemba
Loweruka kuli mayeso a malamba ku Gweru. Ana anga a karate a kuno ku Amaveni m'mawa, ine masana: lamba wakuda wachiwiri, yemwe ndakhala ndikumulota chisiyireni ntchito ya zitsulo ku Torwood. Pulani: kuthamanga m'mamawa, kuphunzitsa madzulo, ana akapita ndiyeserere zanga. Bondo lakumanzere likulasa pang'ono. Asamve munthu!

Lachiwiri
Kuthamanga kwathera pamsika. Ndikubwerera pa kombi nditavala zothamangira, kondakitala akuti, "Mudhara, marathon yapera?" Eti madala, mpikisano watha? Madzulo ndikuonetsa ana kata, ndondomeko ya nkhonya ndi mateche yomwe akayesedwe. Potembenuka ndikukoka mwendo, koma ndani angaone? Lamulo langa amalidziwa: osafunsa, chitani zomwe ndikuchita.

Lachitatu
Bondo latupa ngati papaya. Mankhwala a lero: madzi otentha amchere, mafuta owotcha omwe mkazi wanga amaoda ku Lilongwe, ndi pemphero la aneba athu mayi Fernando, lalitali mpaka madzi kuzizira. Mkazi wanga akuti, "Bambo a Tadala, mukufuna lamba kapena mwendo?" Zonse ziwiri. Ndikupitabe kuholo kukaphunzitsa.

Lachinayi
Nesi wa kukiliniki akuti theche ayi mpaka mwezi uthe. Ndikuvomera mwaulemu. Kata yanga ndikuichitira m'mutu, ndili gone. M'mutumo ndimakhoza zedi!

Lachisanu
Ndakhala pampando kuti ndiwaonerere. Mayo ine! Potembenuka ana onse akukoka mwendo wamanzere, nkhope zokwinya, ena mpaka kubuula "ishi!" nthawi imodzi. Ndikufunsa kuti n'chiyani chimenechi. Rudo, wamkulu pa onse, akuti, "Ndozvamakatidzidzisa, Sensei." Eti ndi momwe ndawaphunzitsira. Amayesa ndi sitayilo yatsopano, akhala akuiyeserera ndi kunyumba komwe. Mayeso ndi mawa, ndipo akatsimphina chonchi alephera onse! Ndapinda buluku, ndawaonetsa bondo. Kuwaonetsa zolondola sindingathe, ndiye Rudo waima kutsogolo, akukumbukirabe kata yakale. Ine ntchito yanga kukuwa: "Mwendo umenewo ndi wabwinobwino, uponde!"

Loweruka
Gweru. Dzina langa ndakalichotsa ndekha kwa oyesa. Zandiwawa kuposa bondo, ndisaname. Ana alowa. Atembenuka bwino onse, kupatula Tinashe, wamng'ono kwambiri: mwendo khwee, nkhope kwinyu, "ishi!" Woyesa waimitsa, akufunsa ngati mwanayo wavulala. Tinashe akuloza ine: "Kwete, ndiSensei." Eti ayi, wovulala ndine. Anthu kuseka mpaka misozi. Amupatsa mwayi wobwereza. Akhoza onse!

Lamulungu
Mwendo uli pampando, mayi Fernando abweranso ndi pemphero lina. Lamba wanga adikira chaka chamawa, bondo likalola. Potuluka kutchalitchi ana adzera kuno, malamba atsopano atamanga pamwamba pa zovala za Sabata, Tinashe atanyamula mapeyala m'jumbo. Mkazi wanga akuti mwayi wake anawa sanandionepo ndikuliza mkonono, bwenzi ataphunziranso. Ndaseka. Ana amenewa amandiyang'anitsitsa mpaka kutengera ululu wanga osafunsa. Ndathokoza Mulungu, ndathokozanso iwowo. Popita ndawaperekeza ndi maso mpaka pakona, onse akuponda bwino. Wotsimphina ndatsala ndekha, ndipo zili bwino choncho.