Kachewere wa Tadala

Lolemba
Tadala wafika! Mwana wa achimwene, uja amanyamula zikwama za osewera gofu ku Lilongwe. Pano akumenya yekha, ndipo Loweruka akukayesedwa. Akachita bwino amutenga mutimu ya amayi. Magazi athu amenewa! Akuti vuto lake ndi limodzi, ndodo ikumasochera m'mwamba. Imayenera kukwera ndi kutsika njira imodzi, yopendekeka ngati denga. Akufuna malo osalala ndi bata, basi. Ndati zimenezo usiyire ine.

Lachiwiri
Malo osalala ku Mphunzi kuno? Pabwalo panga ukaika dzungu umakalitola kudimba. Ndatenga khasu kuti ndisalaze. Pansi mwala wokhawokha, mpini thyoo. "Zisiyeni azakhali, ndiyambira pompano." Wazula nsungwi ziwiri za matimati anga, wazizika mopendeketsa, ndodo izidutsa pakati. Fyuu! Osakhudza ngakhale pang'ono. Ndapukuta misozi.

Lachitatu
Timipira take toyera tikalowa m'tchire sitipezeka. Ndampatsa kachewere wamng'onowamng'ono uja ogula amakana. Lero wapana kansalu kukhwapa, akuti kakagwa ndiye kuti mkono wathawa. Sikakugwa! Kachewere akuuluka mpaka m'munda wa aNabanda, oyandikana nawo. Nkhuku zanga zasamukira komweko.

Lachinayi
Ndapempha bwalo la kutchalitchi, lokhalo losalala mudzi uno. Ndangonong'oneza amayi awiri a mumphakati. Abwera:
mphakati wonse
kwaya
ana a sukulu
wa zitumbuwa ndi beseni lake.
Ndawauza ndithu kuti gofu safuna phokoso. Onse zii. Tadala wakweza ndodo, chiuno chazungulira bwinobwino ngati alibe mafupa, mwadzidzidzi wina waimba nthungululu. Ndodo yaphonya njira, nsungwi yathyoka. Ndatembenuka kuti ndimukalipire mayi wopanda mwamboyo. Onse akuyang'ana ine.

Lachisanu
Wakana kubwerera kutchalitchi. Tili pabwalo panga potsetsereka, tazula nsungwi zina. Woonera ndine ndekha, ndaluma nsonga ya chitenje kuti pakamwa pasandipereke. Eee, kumenya kwake! Kachewere aliyense njira imodzi. "Azakhali, apa ndiye ndaipeza." Ndamphera nkhuku. Ndachita kukaigwira kwa aNabanda.

Loweruka
Wakwera minibasi m'mawa kukuzizira. Foni ndaimanga m'chiuno, kudimba sindinapite. Masana yalira. Tadala akuti bwalo la ku Lilongweko ndi losalala ngati tebulo, pomwe thupi lake lazolowera kuima paphiri. Ndodo ikuyendabe njira ya ku Mphunzi, mpira uliwonse kumanzere, m'mitengo. Sanamutenge. Mawu ake ofooka, mtima wanga wawawa. "Koma mphunzitsi wa timu akuti sanaonepo munthu wophonya mofanana chonchi nthawi zonse." Mwamva? Nthawi zonse! Ena aja amaphonya mwachisawawa.

Lamulungu
Potuluka Misa amayi andizinga. Ndati ku Lilongwe alibe phiri, si mlandu wa mwana. Matimati agona pansi, khasu lilibe mpini, nkhuku sizikubwerera. Tadala akuti ayesanso chaka chamawa, azikonzekera komweko, ndipo malo ake sandiuza. Chabwino, ndamva. Madzulo aNabanda abwera, ndimati kudzadandaula. Ayi, akuti m'munda mwawo kachewere wagona mzere umodzi wowongoka, ngati munthu anakoka chingwe, iwo angokwirira kuti amere. Mwana ameneyu!