Kudikira Kuti Galimoto ya Mayi Nachisale Ife

LOLEMBA

Kunja chisanu, ku ofesi mlandu.

Sabata yatha ndinalemba nkhani pa tsamba lathu la pa intaneti: "Galimoto Zamagetsi Zikufa ndi Chisanu mu Lilongwe." Chithunzi chake chinali chokoma: abambo anayi a zipewa zaubweya akukankha kagalimoto koyera ku Area 14. Ananditumizira ndi mnzanga, nati woyendetsayo ananena yekha kuti batire yauma ndi kuzizira. Chiyambire ntchito, sindinalembepo nkhani yowerengedwa chonchi.

Lero mwini galimotoyo wafika ku ofesi kwathu ku City Centre. Mayi Nachisale a ku Area 11. Anali aphunzitsi, pano amaweta nkhuku za mazira. Akuti tsikulo iwo anali kumudzi, ankayendetsa ndi amuna awo, koma galimoto yawo amaidziwa. Akutinso magolosale awiri ayamba kuoda mazira kwina, poopa kuti awo azigona panjira.

Sakukalipa. Chikwama pamiyendo, akufunsa akonzi athu, a Kachingwe, ngati mnyamata wolembayo anakwerapo galimoto yamagetsi. Mnyamatayo ndine, bambo wa ana awiri. Sindinakwerepo.

Agwirizana ine ndili chiimire. Sabata yonse ndiziyenda nawo m'mamawa pokasiya mazira. Ikafa, nkhani yanga ikhala. Ikapanda kufa, ndipepesa pa tsamba lomwelo, ndipo a Kachingwe andibwezera kolemba zidziwitso za maukwati.

Dongosolo langa:
– kufika chisanu chili pachimake
– foni yodzaza moto
– kudikira

Ifa basi. Mwezi uno ndi June.

LACHIWIRI

6 koloko, Area 11. Mano akugundana. Galimoto ili pakhonde, chingwe chochajira chili kumphuno ngati wodwala ali pa diripi. Ndalimba mtima.

Mayi adina batani. Zii. Ndatulutsa foni msangamsanga.

"Yakana, amayi?"

"Yayaka kale. Mangani lamba."

Imayenda ngati mphaka. Ku Area 2 wakabaza wadzidzimuka atationa pamsana pake, mpaka wapepesa yekha. Tasiya mazira m'magolosale asanu. Matireyi ndanyamula ndine, poti sizingatheke mayi wamkulu azinyamula ine ndikujambula.

Zomwe ndapeza lero: dzira limodzi losweka pa shati.

LACHITATU

Ndawerenga kuti hita imadya batire. Ndiye ndangolowa n'kuyamba kudandaula kuti ndazizidwa mpaka m'mafupa. Mayi andiuza kuti ndipotokole ndekha. Ndapotokola mpaka kumapeto.

Vuto ndi loti ndavala majuzi awiri ndi jekete, ndipo munthu wozizidwa savula. Pofika pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe thukuta lafika m'masokosi. Mayi avula mpango wa m'khosi, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya yawo.

Koma nambala ya makilomita otsala yatsikadi msanga! Ndajambula katatu. Mayi asuzumira n'kugwedeza mutu. Akuti inde, kukazizira imatsika msanga kusiyana ndi mu October, makamaka hita ikayaka, n'chifukwa chake nyengo ino amaichaja tsiku ndi tsiku. "Zimenezo lembani, ndi zoona. Koma yafa?"

Sinafe. Andipempha ndizimitse hita mazira asanaswe anapiye.

Ndawaonetsa a Kachingwe zithunzi zija. Sanadzutse n'komwe mutu: "Kutsika si kufa."

Pansi pa nkhani yanga anthu akukanganabe. Ena akuti atolankhani tinadyetsedwa ndi ogulitsa mafuta. Ena akuti Mayi ndi amene anadyetsedwa ndi azungu. Ine nkhomaliro yanga lero ndi mandasi awiri.

LACHINAYI

Ndachedwa. Minibasi yathu inakana kulira ndi chisanu, tonse tinatsika kukankha. Izi sindilemba paliponse kupatula muno.

Mayi ali m'bafa, amuna awo, Bambo Mbewe, andikodola. Munthu waulemu wake, anapuma ntchito ku Capital Hill. Anditengera kuseri kwa khola, tiyi ali m'manja, maso ali kuzenera la kukhitchini.

Akuti tsiku lija batire inali yodzaza. Iwo zaka zonsezi anazolowera pikapu ya magiya. Akubwerera chambuyo ku Area 14, phazi linapita kukafuna kilatchi, linapeza china, ndipo galimoto inakhala pansi mu ngalande. Abambo anayi aja ankaitulutsa. Ngalandeyo pa chithunzi sikuoneka. Wina wa foni atafunsa, iwo anangoti ndi kuzizira, poti n'chimene chinali pafupi. Kunyumba ananenanso zomwezo.

"Achimwene, inu mukapepesa mupepesa kamodzi. Ine amayiwa ndimakhala nawo."

Ndiye kuti nkhani yanga yonse yaima pa phazi la Bambo Mbewe. Ndamwa tiyi wawo mpaka kutha. Tsopano tilipo awiri ofuna kuti galimotoyi ife.

Lero yayendanso bwinobwino.

LACHISANU

Ndafika ndapeza chingwe chili pansi, chozengezedwa mwaluso. Bambo Mbewe akuthirira maluwa omwe anathiriridwa kale. Akuti mwina anachizula ndi mphaka. Anditsinzinira diso.

Mayi ayang'ana chingwe, ayang'ana amuna awo, ayang'ana nambala. Akuti ikwana, bola wina asakhudze hita.

Njira yonse foni ili m'manja koma sindikufuna kujambula. Ikaima lero, ndilemba kuti chiyani? Kuti ndi chisanu? Mayi akuwerengera njira ngati masamu a Sitandade 8: ayambira golosale yakutali, atsirizira yapafupi, pa chitunda akutsika mosaponda. Mwini golosale wina wa ku Area 2, mmodzi mwa awiri aja, watuluka n'kundifunsa ngati ndine ndinalemba zija. Ndati ndine wonyamula mazira.

Tabwerako kanyali kofiira kakuphethira, koma tabwerako. Ndadzipeza ndikuisisita pa bonati. Bambo Mbewe aona, andiyang'ana ngati ndagulitsa mudzi.

LOWERUKA

Mayi akuti chisanu cha mu Lilongwe ndi cha ana. Tipite ku Dedza kwa achemwali awo, chisanu chikaione bwino. Bambo Mbewe auzidwa kuti akwere kumbuyo ndi matireyi.

Chifunga chokhachokha. Kupitirira Linthipe mitengo sikuoneka. Ine ndatsegula zenera kuti kuzizira kulowe, mwina kuthandizeko. Kwalowa mwa ine.

Tafika. Galimoto yalumikizidwa ku soketi ya m'khitchini, ife tadya mbatata ndi tiyi, takhala maola ambiri ndithu, mpaka Bambo Mbewe agona pampando. Izi ndilemba: kuchaja kwake kumafuna munthu wokhala ndi achibale oleza mtima.

Pobwerera Mayi sanakhotere ku Area 11. Adutsira ku Area 14, achepetsa liwiro, aima pambali pa ngalande ina yakuya, yogumuka mbali imodzi. Atembenukira kumbuyo.

"Apa ndi pomwe panazizira kwambiri, eti bambo?"

M'galimoto ya petulo bwenzi injini ikutithandiza ndi phokoso. Iyi ayi.

Akuti matope ndi udzu anazipeza kunsi kwa bampala tsiku lomwe anabwerako kumudzi. Ankangodikira kuti aone amene ayambe kulankhula, mwamuna wawo kapena mtolankhani. Tonse talephera mayeso. Bambo Mbewe ati ngalandeyi anaikumba molakwika. Mayi aseka mpaka kupukuta misozi, kenaka nawonso aseka, ine ndayetsemula.

LAMULUNGU

Chimfine. Kutchalitchi sindinapite. Mkazi wanga akuti pa zonse zimene zinapita ku Dedza, chafa ndi chisanu ndine ndekha.

Chipepeso ndinatumiza dzulo madzulo, chatuluka m'mawa uno. Ndalemba zonse: kuti kukazizira batire imatsika msanga, kuti hita imadya, kuti kuchaja kumachedwa, kuti sabata yonse galimoto sinafe, kuti tsiku lija inagwera mu ngalande. Woyendetsa sindinamutchule. Ndinati ndiwachitire chifundo Bambo Mbewe.

Pofika masana ndemanga zadzaza. Za batire palibe akuzinenanso. Onse akuti ndi mmene amayendetsera azimayi.

3 koloko foni. Mayi Nachisale. Sakukalipa. Akuti zaka makumi atatu pa chiwongolero, sanagundepo ngakhale nkhuku, ndipo nkhuku ali nazo zambiri. Afunsa ngati cholembera ndili nacho pafupi. Kenaka ndamva akuti, "Bwerani kuno bambo, mumuuze mwanayu dzina lanu lonse, alembe bwino."

Ndakhala tsonga, bulangete kumutu. Bambo Mbewe atchula lemba limodzilimodzi, pang'onopang'ono, ndi dzina lapakati lomwe.

Chipepeso chachiwiri ndamaliza. Mawa ndiyamba zidziwitso za maukwati.