Mimba Imene Kulibe

Lolemba

Ndafika kwathu. Matope mpaka m'mawondo. Wa kabaza wanditsitsa pa kamlatho ka mitengo, ati njinga yake sinaphunzire kusambira. Kwatsalako ndayenda wapansi, chikwama pamutu, nsapato m'manja. Mzamba wa mawa ameneyo!

Tchuthi ndi cha sabata imodzi. Lolemba likudzali ndikubwereza mayeso a manja, kupima mimba. Ulendo wathawu ndinagwira matako a chidole cha labala n'kulengeza molimba mtima kuti ndapeza mutu. A Sisita Kamwendo, aphunzitsi athu, anangovula magalasi. "Ndiye kuti mwanayu aziganiza ndi pokhalira?" Kalasi yonse gwaa kuseka.

Ndikalepheranso, ndibwereza chaka chonse. Pomwe abambo analengeza kale kutchalitchi kuti m'nyumba mwawo mwatuluka "dokotala wa azimayi". Anthu mpaka anaomba m'manja.

Koma Mulungu sataya wake. Alamu anga a Esinati, akazi a achimwene a Yohane, ali ndi pakati. Osati pakati pamasewera ayi. Potuluka m'nyumba imayamba kutuluka ndi mimba, eni ake pambuyo. Mimba yeniyeni, yofunda, pakhomo pomwe pano!

Dongosolo la sabata ino:
- m'mawa, kupima alamu ndi manja: pamwamba, m'mbali, pansi, monga likunenera buku
- masana, kuyeza mimba ndi tepi
- dzuwa likapendeka, kalipenga kamtengo kamene ndabwereka kusukulu, kumvera mtima wa mwana
- Lamulungu, kubwerera ndili katswiri

A Sisita Kamwendo akonzekere kupepesa.

Lachiwiri

Mimba kulibe.

Inde. Kulibe. Ndauzidwa ndi amayi.

Tili m'chigafa tikusoka fodya, ine n'kuyamba mwaulemu kuti ndimafuna ndiphunzirireko pa mimba ya alamu. Amayi singano ili m'manja: "Mimba iti?" Ndaloza ndi mlomo. Alamu ali apo akuyesa kutola tsamba pansi, dzanja likulephera kufika. Amayi: "Tseka pakamwapo. Mlamu wako wangonenepa, chaka chino maungu achita bwino."

Maungu, eti.

Nkhani yake ndi iyi. Mimba ndi yoyamba. Azakhali awo a alamu, a Nachisale a ku Chisepo, ndi amene ayenera kubwera kudzawalanga, kudzawauza kuti ali ndi pakati. Asanabwere iwowo, palibe woitchula. Amati abwera pa Khirisimasi. Kunagwa maliro. Kenako mvula inadula msewu. Kenako fodya. Ndiye tonse tikudikira, ndi mwana yemwe m'katimo, akukula osadziwa kuti sanalengezedwe.

Ndiye amayi awonjezeranso ya ulere: "Komanso iwe unaberekapo? Wosabereka sagwira mimba ya mnzake."

Ndiwauze kuti kusukulu anatilowetsa kale m'chipinda choberekera, tinaimirira m'mbali n'kuona zonse ndi maso athuwa? Angakomoke pa fodya pomwepo, n'kuwononga masamba abwinobwino. Ndangosoka.

Chondiseketsa n'chakuti kusikelo alamu amapita ndithu, mwezi ndi mwezi. Kungoti pakhomo pano dzina lake ndi "kuchigayo". Amanyamuka opanda chimanga, amabwera opanda ufa, ndipo palibe amafunsa. Chigayo chabwino kwabasi.

Tsiku limodzi lapita. Zimene ndagwira: fodya.

Lachitatu

Sindigonja. Mzamba ndi nzeru.

Ndapanga wodwala wanga m'chipinda:
- dzungu lozungulira bwino, mutu
- pilo wa abambo, msana ndi matako
- zitsononkho ziwiri, miyendo
- chitenje cha amayi cha kumaliro, khungu

Ndayala pamphasa. Ndasamba m'manja ndi sopo. Ndatikita zikhato kuti zifunde, paja a Sisita amati dzanja lozizira ndi chipongwe. Ndagwada. "Muli bwanji mayi? Ine ndine wophunzira uzamba, ndikupempha ndikupimeni pamimba."

Wodwala sanakane. Wodwala woyamba wamakhalidwe chifikireni.

Ndili mkati mowafunsa mayiwo ngati mwana akusewera bwino, chitseko kwee. Achimwene a Yohane, akufuna mpeni. Ayang'ana ine, ayang'ana dzungu lofunda chitenje, ayang'ananso ine. Atseka chitseko pang'onopang'ono ngati muli wodwala weniweni. Panja ndikuwamva akuuza abambo: "Sukulu ija mwina yamukulira."

Vuto la dzungu n'lakuti ndaliika ndekha. Ndikudziwa pamene lili. Kulipeza si nzeru.

Masana ndapita kumjigo. Pobwera, chitenje chili pachingwe, pilo wabwerera kwa mwini wake, mutu wa wodwala wanga uli m'mbale, wothira nsinjiro. Alamu adya zibenthu zitatu, akundiyang'ana n'kumamwetulira. Amayi: "Idyani, mwana wanga, muzinenepa."

Ndadya nawo. Unali wokoma, ndisaname.

Lachinayi

Mbuzi ya amayi ili ndi bere. Imeneyo ndiye aliyense akuitchula momasuka, ngakhale abambo pa tebulo. Mbuzi ilibe azakhali ku Chisepo.

Ndaganiza kuti mimba ndi mimba. Ndaimangirira pa mtengo wa mango kuseri kwa khola. Ndadzitchula dzina, ndapempha chilolezo, chizolowezi chisathe. Ndagwada m'zitosi, kalipenga pamimba, khutu pa kalipenga.

Zimene ndamva: kulira kwa udzu wa dzulo.
Zimene ndalandira: chiboda pantchafu.
Zimene ndataya: tepi. Ndinaikoleka m'khosi, potembenuka theka lili m'kamwa mwa wodwala. Tepi ya sukulu!

Ngati zimenezo n'zochepa, podzuka ndapeza amayi atatu ochokera kudimba aima panjira, makasu paphewa, akuonera mwachifatse. Mmodzi: "Kodi paja anati udokotala wa azimayi kapena wa ziweto?" Dzuwa lisanalowe kwabwera bambo wina wa kutsidya, chipewa m'manja, ati nkhumba yake yasiya kudya.

Abambo sanaseke. "Ine ndine mkulu wa mpingo. Anthu akuti mwana wanga akuimbira mbuzi lipenga." Ndayesa kufotokoza kuti kalipengaka sikoimba, n'komvera. Ati ndiye zaipiraipira.

Walira mvula walira matope. Ndinkafuna uzamba, ndaupeza.

Kunena zoona ndikuopa. Kuseka ndikuseka, koma mumtima muli zii. Anzanga akapita chaka chachiwiri, ine n'kukhalanso ndi ana atsopano, kuphunziranso kuyala bedi. Nanga manjawa akakhala kuti ndi osamva basi, ongoyenera kusoka fodya?

Ntchafu yatupa.

Lachisanu

Amayi apita ku msonkhano wa azimayi kutchalitchi. Abambo ndi achimwene ali kumunda, akuthyola fodya. Ndikutsuka mbale, ndikumva alamu akunong'ona pa windo: "Alamu, bwerani nako kalipenga kanuko. Ine sindinanene kanthu, inunso simunagwire kanthu."

Mayo ine! Mbale ndazisiya ndi thovu.

Ndasamba m'manja, ndafunditsa zikhato. Alamu agona chagada pamphasa, akuseka kuti ndikuwapatsa moni ngati sitinadyere limodzi phala. Mimba yeniyeni si labala. Ndi yotentha, yolimba, ndipo imakubwezera.

Pansi, pamwamba pa chinena: chinthu cholimba, chozungulira, chogwedezeka. Mutu! Ndatsala pang'ono kululutira.

Ndakwera pamwamba, kumene buku likuti ndipeze matako ofewa. Ndapeza chinthu cholimba, chozungulira, chogwedezeka.

Ndabwerera pansi. Mutu. Pamwamba. Mutu. M'mbali monse timiyendo ndi timanja, kumanzere, kumanja, ngati thumba la chinangwa. Kalipenga kumanzere cha m'munsi: tiki tiki tiki. Kumanja cha m'mwamba: tiki tiki tiki, koma kothamangirapo.

Basi, zatsimikizika. Ndine mbuli. Pa chidole mutu unandisowa, lero ndapeza iwiri. Pakati n'pakati palibe.

Alamu: "Bwanji mwangoti duu?" Ndawauza chilungamo, kuti ndikumva mitu iwiri, koma asatengere za ine, munthu wolephera ndi chidole chomwe.

Sanaseke. Ayang'ana kudenga. Kenako akuti anamwino a kusikelo anawauza kale kuti mimbayi yakula kuposa miyezi yake, apite ku Boma akawaunike ndi makina. "Koma ku Boma n'kwa tsiku lathunthu, alamu. Chigayo chake chiti? Ndikanawauza amayi kuti ndikukaunikitsa chiyani, poti kulibe?"

Apa kuseka kwandithera. Ndakwiya, koma womukwiyira sindikumudziwa. Ndawauza chinthu chimodzi chimene ndikuchidziwa popanda kutsegula buku: ngati ali awiri, sadikira mwezi wawo, ndipo si obadwira pakhomo kapena pa ngolo m'matope awa. Apite, ndipo apite msanga. Ndikakhala ndalakwa, adzanditukwane pobwera.

Ati alankhula ndi a Yohane.

Tsopano ndagwira chosagwiridwa, ndatchula chosatchulidwa, ndipo ndachitchula kawiri. Zikakhala zabodza, mudzi uno ndisamukamo.

Loweruka

M'mamawa kwaima kagalimoto ka matola ka ku Malomo, achimwene achita kukaitana. Chilengezo cha pakhomo: alamu akupita "kuchigayo cha ku Boma".

Katundu wa kuchigayo:
- beseni latsopano
- zitenje mulu
- pepala lakuda la pulasitiki
- lezala ndi ulusi
- chimanga, ngakhale njere imodzi, ayi

Amayi amanga chitenje, akwera nawo osafunsa funso. Ndathamanga ndi nsapato m'manja kuti ndikwere. Andiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, diso lija lonena kuti ndikudziwa zimene wachita. "Ana atsale. Uone mbuzi."

Ana! Ine amene ndimadziwa kutchula ziwalo zonse za m'chiuno m'Chingerezi.

Ndaima pamsewu kuonerera mimba yanga yophunzirira ikukwera chitunda, ikugwedezeka kumbuyo kwa galimoto. Ndinaigwira kamodzi kokha.

Masana, kabaza pakhomo. Akutsika mayi wonenepa, ambulera m'khwapa, matope mpaka m'chiuno. A Nachisale! Afika! Akhala pamkeka, amwa madzi, akonza kukhosi. "Ali kuti mwana wanga? Ndabwera kudzamuuza mawu."

Abambo ayang'ana kumwamba. Ine ndati apita kuchigayo.

Tsiku lonse mtima uli m'mwamba. Ndasesa bwalo losesa kale. Ndikungoona galimoto itatitimira pa kamlatho kaja, ndipo amene wawakweza ndine ndi pakamwa pangapa.

Dzuwa litapendeka foni ya abambo yalira. Ndi achimwene. Msewu wa mabampu unawayambitsira alamu matenda ali m'njira, afika ku Boma nthawi itakwana kale. Awiri! Atsikana okhaokha! Ang'onoang'ono koma akulira mokweza, mayi wawo ali bwino. Wachiwiri anavutirapo, anamwino anachita kuthamanga naye, koma wapuma.

Ndakhala pansi pa dothi pomwepo. Ndalira, ndisabise.

A Nachisale ayimirira, alulutira, kenako: "Ine ndinadziwa. Ndinalota nkhunda ziwiri pa denga."

Zikomo azakhali. Nkhani mwafika nayo pa nthawi yake.

Lamulungu

Kutchalitchi abambo apempha mpata wothokoza. Athokoza Mulungu. Athokoza dalaivala. Athokoza a Nachisale ndi maloto awo, anthu mpaka "Amen!" Za dokotala wa azimayi lero sizinamveke. Potuluka, bambo wa nkhumba uja wandipeza, ati yayamba kudya, zikomo kwambiri.

Zokolola za sabata:
- dzungu, tinadya
- mbuzi, inapambana
- mimba imodzi, mitu iwiri, mboni palibe
- ukatswiri, tidzaona

Ndikulongedza, foni yalira. Amayi, ali kuchipatala kudikirira alamu. Moni palibe. "Mlamu wako akuti unanena ndiwe."

Ndati ee.

Ndikumva tiana tikulira kumbuyoko, tiwiri, mosinthana.

"Usadzabwerezenso zimene zija." Ndati chabwino amayi. Ndimayesa foni yaduka. Kenako motsitsa mawu: "Mkazi wa msuweni wako Gerevazio nayenso wayamba kunenepa. Tchuthi chinacho usadzaiwale kalipenga kako kaja."

Adula.

Ndakhala pa bedi, ndikuyang'ana manja angawa. Akadali akuda ndi utomoni wa fodya.

Mawa chidole cha labala. Chili ndi mutu umodzi, ndikudziwa, ndipo mwina chindipusitsanso. Ndikabwereza chaka, ndabwereza. Koma chimene zala zandiuza ndikachinena mokweza, osayamba ndi kupepesa.

Kabaza wafika, ati tifulumire mvula isanatseke kamlatho. Za tepi ndikawauza a Sisita zoona zake: inadyedwa ndi wodwala.