Chala Chimene Chinakavota Ine Ndisanafike

Iwe wa Fomu 3 amene ukuseka kumbuyoko, tseka buku lakolo. Ukuti maselo a m'thupi amagawikana okha popanda wowalamula? Ine ndinaphunzira ku mishoni, kumene bodza linali ndi chikoti chake, ndipo ndikuti ndinawalamulapo. Mboni ndi chala chodukachi.

Kutatsala masiku atatu kuti tivote koyamba pa matipati, ndikudula mbewu ya chinangwa kumunda kwanga ku Kaduya, chikwanje chinaphonya mtengo n'kudula chala chamkombaphala, chomwecho chonyika mu inki. Kuchipatala anangondimanga bandeji, amvekere, "Bambo, chala si chinangwa, sichiphukira."

Nditafika kunyumba ndinavala magalasi anga, pamwamba pake magalasi a mayi akunyumba, pamwamba pakenso matako a botolo, n'kusuzumira pabalapo, ndipo ndinaona chipwirikiti: selo ili likung'ambika lisanakule, ilo likuthawa ndi katundu wa linzake, lina likudzitcha pulezidenti, ndendende zipani zimene zinkabadwa mlungu uliwonse masiku amenewo. Mukumva?

Ndinaliza wenzulo. "Pamzere! Palibe kugawikana musanadye n'kukula!" Anadya, anakula. "Aliyense akopere timaulusi ta malangizo tili m'kati mwake, wophonya chilembo abwereze!" Anakopera. Kenako timaulusito ndinatindandalika pakati tiwiritiwiri ngati ana a kwaya, n'kulamula tizingwe kuti tikoke, theka kumpoto theka kummwera, selo lililonse n'kudzimanga lamba m'chiuno mpaka kuduka pawiri, mapasa ofanana osalandana kanthu. Buku lakolo likuti maitosisi. Ine ndinkati mwambo.

Awiri, anayi, asanu ndi atatu, dzuwa lisanapendeke chikhadabo chatulukira. Cholakwa changa chinali chimodzi: ndinaiwala kunena kuti "Imani!" Ndipo wophunzitsidwa ndi ine sasiya ntchito asanauzidwe. M'mawa wa tsiku lovota chala chinali chitatuluka pakhomo, kudutsa dimba, kuwoloka mtsinje, kupitirira njinga zitatu, minibasi pa Migowi n'kuima kuti chidutse, ine pambuyo thukuta kamukamu, ndikuchikulunga pamkono ngati chingwe cha mbuzi.

Pamalo ovotera mayi wogawa mapepala anangoyang'ana kunsonga kwa chalacho.

"Agogo, mwavota kale. Inkiyo siyo?"

"Ndavotera ndani, mwana wanga?"

"Voti ndi yachinsinsi, agogo."

Zaka makumi atatu ndikudikira tsiku limenelo, malaya ositasita, chala n'kukasankha chokha osafunsa mwini wake! Chamwano sindisunga. Ndinabwerera kumunda n'kuchidula ndekha, pompaja chikwanje chinalekezera.

Ukusekabe? Pita ukaone mmene msewu wa kwathu ulili mpaka lero, ndiye udzandiuze ngati chala chija chinavota bwino.