Mmene Ndinasungira Minda ya Anthu mu Disiketi Imodzi

Kwa Kuntumanji kuli anthu ena amene mpaka lero akandiona pamsika amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwowo, nanenso bwenzi ndikuseka, mwinanso n'kugenda kumene.

Munali mu 1998, madzi atabwerera m'nyanja ya Chilwa pambuyo pa kuphwa kuja. Ine ndinali kalaliki pa kaofesi ka bungwe lina lothandiza alimi a mpunga a m'madambo, chakufupi ndi mtsinje wa Likangala. Kaofesiko kanali ka zipinda ziwiri, denga lodontha, koma tinali ndi chinthu chimene dera lonselo linalibe: kompyuta. Inkayendera mabatire otchajidwa ndi dzuwa, ndipo ikamapuma tinkaifunditsa chitenje ngati mwana wakhanda.

Woigwira ndinali ine ndekha. Anali atanditumiza ku Zomba kukaphunzira masiku atatu (limodzi mwa masikuwo ndinalithera kuchimbudzi chifukwa cha zakudya za mtauni, koma satifiketi anandipatsabe). Chibwerere, ndinasintha ndi kayendedwe komwe. Munthu akangoyandikira tebulo ndinkati, "Pepani, musapumire pafupi, makinawa safuna chinyontho." Pafupifupi chaka chathunthu, ndi zala ziwiri, ndinalowetsamo kaundula wa alimi onse: dzina la munthu, chigawo chake cha munda, malire ake, ngalande imene amapatutsako madzi, ndi tsiku lake lothirira. Kudambo kulibe mipanda. Madzi akasefukira n'kuphwa, milambala imafafanizika, ndiye chimene chimaletsa anthu kutemana ndi makasu ndi kaundula ameneyo.

Tsiku lina kunabwera kalata yochokera kulikulu, pamodzi ndi kabokosi ka madisiketi khumi (kwa ana a masiku ano: timapulasitiki tafulati timene tinkasungiramo zolemba). Abwana athu, a Makwinja, anaiwerenga pamaso pa komiti ya alimi. Kalatayo inkati kwabuka kachilombo kowononga makompyuta, choncho makina onse a bungwe ayenera kufufutidwa, chilichonse chili m'katimo chichoke, kenako aikemo pulogalamu yatsopano yotetezedwa bwino. Katswiri abwera Lachinayi. Tisanafike tsikulo, zonse zofunika tizikopere m'madisiketiwo.

Wapampando wa komiti, a Nampeya, anavula chipewa n'kuyang'ana kompyuta ija mwachisoni.

"Kachilombo?" anatero. "Nanga yayenda ndi ndani, poti imangokhala m'nyumba muno?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. (Ndinali nditaikamo disiketi ya masewera a juga imene anandibwereka msuweni wanga wa ku Zomba, koma imeneyo sinali nkhani yoti komiti idziwe.) Mayi wina amene anakhala pafupi ndi tebulo anasuntha mpando wake pang'onopang'ono, n'kupukuta dzanja pachitenje.

Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati makina akuyenda bwinobwino, munthu wosadwala sapita naye ku opaleshoni. Ndinati anthu akulikulu amangokhala pa mipando yofewa n'kumaganiza zotivutitsa ife akumudzi. Ndinalankhula bwino kwambiri moti ena anawomba m'manja. Koma chenicheni chimene chinkandiwawa chinali china: kukubwera munthu wodziwa kompyuta kuposa ine, ndipo anthu adzaona.

"A Kalaliki," anatero a Makwinja, "lamulo ndi lamulo. Koperani zinthuzo."

Lachitatu ndinakhala pansi kuti ndikopere. Pagalasi la kompyuta pankaoneka tizithunzi ting'onoting'ono, kalikonse ndi dzina lake kunsi: Kaundula, Ngalande, Makalata, Malipoti. Ukadina kachithunziko, zolemba zake zinkatseguka. Ndiye ndinangotenga tizithunzi tonseto n'kutikokera mu disiketi. Mphindi imodzi sinakwane. Zonse zinalowa mu disiketi imodzi, malo n'kutsalanso ambirimbiri.

Munthu wanzeru akanadabwa kuti ntchito ya chaka chonse yalowa bwanji msanga chonchi. Ine ndinadabwa ndi luso langa. Ndinapita kwa a Makwinja ndi madisiketi asanu ndi anayi otsalawo n'kuwaika patebulo.

"Akulikulu aja amangowononga zinthu," ndinatero. "Munthu wodziwa ntchito imodzi imamukwanira."

Lachinayi cha m'ma teni koloko panafika njinga yahayala, kumbuyo kwake kutakwera mtsikana wamng'ono kwa ine, wovala nsapato zafumbi, chikwama chili pamiyendo. Ndinamulandira mwaulemu, n'kusuzumira kumsewu.

"Takulandirani achemwali. Nanga akatswiriwo atsalira pati?"

"Ndine ndemwe," anatero. "Dzina langa ndine Esinati."

Sanakwiye. Ankaoneka kuti funsolo analizolowera. Anavundukula chitenje chija, n'kuyatsa makina, zala zake zonse khumi zikuthamanga ngati akupeta mpunga. A Nampeya ndi anthu ena a komiti anali atabwera kudzaonerera, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti, "Kani zala zinazi zimagwiranso ntchito?" Mtima wanga unawira.

"Mwakopera zonse, achimwene?" anafunsa Esinati.

"Kalekale."

"Madisiketi angati?"

"Imodzi."

Anasiya kulemba n'kundiyang'ana. "Imodzi? Tabwera nayoni tione kaye."

Apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje, n'kulisalaza bwinobwino m'mbali mwake. Ndinati disiketiyo ndaikhomera m'kabati ndipo siituluka mpaka makina atachira, chifukwa sindingaike chinthu chabwinobwino m'makina odwala. (Mfundo imeneyi ndinaipeka pomwepo, ndipo inandikomera kwambiri.) Ndinawonjeza kuti ife kuno tinayamba kugwiritsa ntchito kompyuta anthu ena akadali pasukulu.

Esinati anatembenukira kwa abwana. "Bambo, ndikangofufuta, palibe chobwerera. Ndikupempha ndione disiketiyo."

A Makwinja anayang'ana kumwamba. Kunali mitambo, mabatire sakanakhalitsa, ndipo mtsikanayo ankayenera kupeza minibasi yochokera kudoko la Kachulu dzuwa lisanapendeke. "A Kalaliki amadziwa ntchito yawo," anatero. "Pitirizani."

"Chabwino," anatero Esinati, n'kudzuka pampando. "Koma batani lomaliza adine okha."

Ndinakhala pansi, ndinakonza kolala, ndinayang'ana anthu onse kuti aone bwino, n'kudina. Ndi chala changa ichi, chimene ndikadali nacho.

Ntchito inatenga maola angapo. Makina atayakanso, galasi linali loyera ngati munda wokolola. Ndinatsegula kabati mwaulemerero, ndinatulutsa disiketi, ndinaipemerera kamphepo, n'kuilowetsa. Tizithunzi tonse tinaoneka: Kaundula, Ngalande, Makalata, Malipoti.

"Mwaonatu," ndinatero.

Ndinadina Kaundula. Makina analira kamodzi n'kulemba mawu akuti chinthucho sakuchipeza. Ndinadinanso. Ndinadina Ngalande. Ndinadina Makalata. Ndinadina mwamphamvu, ngati vuto linali kufooka kwa chala.

Esinati anawerama n'kuyang'ana, kenako anatseka maso kwa kanthawi.

"Achimwene, izi si zolembazo. Izi ndi zolozera chabe."

"Tatimasulirani m'chinyanja," anatero a Nampeya.

"Bambo, mukudziwa chikwangwani chija chili pamphambano, cholembedwa kuti Kachulu? Awa azula chikwangwanicho n'kuchiika m'thumba, n'kumati anyamula nyanja. Nyanjayo ndi imene tafufuta ija."

Kunja nkhuku inalira, ndipo ndinaisirira.

A Makwinja, munthu wamtima wabwino, anayesa kundipulumutsa. "Zachitika zachitika. Mwayi wake tili ndi mabuku akale aja, amene munkakoperamo. A Kalaliki, katengeni."

Sindinadzuke.

"A Kalaliki?"

Abale anga owerenga, apa ndiulule. Nditamaliza kulowetsa kaundula m'makina, ndinaona kuti mapepala ndi zachikale, akungoitana mbewa. Ndiye ndinawapatsa alamu anga, amene amagulitsa matemba ku Kachulu, kuti azikulungira. Anandithokoza kwambiri, anati ndi mapepala olimba.

Ndinanena zimenezi ndi mawu otsika kwambiri moti a Nampeya anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza, anavala chipewa chawo n'kutuluka osatsanzika.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Kachulu. Alamu anga ndinawapeza akuyanika nsomba pathandala. Anafufuza m'dengu n'kupeza masamba atatu okha, onona mafuta, onunkha, inki itasungunuka.

"Enawo?" ndinafunsa.

"Alamu, mwezi wa Juni matemba anayenda malonda. Ena anapita ku Zomba, ena ku Limbe. Kodi anali ofunika?"

Ndinayendayenda padoko ndikutola pepala lililonse limene ndinaliona pansi. Ndinafika mpaka popempha mayi wina wosamudziwa kuti amasule phukusi lake la nsomba ndione. Linali tsamba la mayeso a sitandade seveni. Mayiyo anauza anzake kuti ndine wamisala, ndipo sindinatsutse.

Mvula inali pafupi, anthu ankafunika kudziwa malire awo asanafese nazale. Komiti inaitanitsa msonkhano wa alimi onse m'tchalitchi chaching'ono chapafupi, kuti aliyense anene yekha munda wake tilembenso. Tsiku limenelo ndinaona chozizwitsa: minda inakula. Munthu amene tonse tinkadziwa kuti ali ndi kachigawo kamodzi ananena zigawo ziwiri, maso ali gwa. Minda ya anthu omwalira inapeza adzukulu amene sitinawaonepo. Aliyense tsiku lake lothirira linali Lolemba. Tikanalemba zonse zimene zinanenedwa, dambolo likanafika mpaka ku Mozambiki.

Kenako anaimirira a Likaka. Awa anali bambo ake a Rozi, mtsikana amene ndinali nditamufunsira, ndipo ankhoswe anali atayamba kale kuyenderana. Iwo anati munda wawo umadutsa chulu n'kukafika pa ngalande yaing'ono. Nthawi yomweyo mayi Nasiyani, amene amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, anaimirira nawonso. Anati kuchokera pachulu kukafika pa ngalande ndi pawo, ndi pokhapo pamene amadyetsera ana anayi.

"A Kalaliki," anatero a Nampeya, "munalemba ndinu. Makina ankati bwanji?"

Tsoka lake, ndinkakumbukira. Mwa mayina onse aja, tsamba la a Likaka ndi limene ndinkalitsegula kawirikawiri, kungoti ndizionako dzina la kwawo kwa Rozi (chikondi chimapusitsa, musandiyang'ane choncho). Malire awo ankathera pachulu.

"Aaa, zinthu zinali zambiri," ndinayamba. "Makina ndi amene ankadziwa."

"Makina analibe maso," anatero mayi Nasiyani. "Maso anali anu, bambo."

Ndinayang'ana a Likaka. Ndinayang'ana mayiyo, mwana ali kumsana. Ndinayang'ana pakhomo, koma panali patadzaza anthu.

"Malire ndi pachulu," ndinatero.

A Likaka sanakalipe. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa modekha, tchalitchi chonse chikumva: "Ndiye mwataya minda ya anthu onsewa, mwaiwala yonse, koma wanga wokhawu ndi umene mwaukumbukira?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mabenchi. Ngakhale mayi Nasiyani anabisa nkhope m'chitenje.

Msonkhanowo unagamula kuti zonena pakamwa sizithandiza, minda iyezedwenso umodziumodzi, eni malire onse alipo. Woyenda ndi chingwe anasankhidwa popanda wotsutsa. Masabata asanu ndi limodzi ndinali m'matope ofika m'mawondo, misundu ikundiyamwa, udzudzu ukundiimbira, anthu akukangana pamutu panga. Ana asukulu akamadutsa ankakuwa kuti, "A Disiketi, mwadzuka bwanji!" Ntchito sanandichotse, chifukwa a Makwinja anauza akulikulu kuti kundichotsa kukhala kundichitira chifundo.

Ukwati unachedwa ndi chaka chathunthu. A Likaka ankati akufuna aone kaye ngati ndingasunge mbuzi imodzi osaitaya. Anandipatsadi mbuzi, ndipo ndinaisamala kuposa mmene ndinasamalirapo chinthu chilichonse. Rozi anandidikira, ngakhale amati ankangofuna kuona mathero ake.

Lero tili ndi zidzukulu. Mapepala onse a pakhomo pathu, masatifiketi a ana, makadi akuchipatala, kalata yaukwati, amakhala m'sutikesi ya Rozi, ndipo kiyi wake amamangirira pa kachingwe m'chiuno. Mwezi wathawu ndinafuna kuona pepala lina la munda, ndiye ndinati, "Amayi, tandibwerekani kiyi uja." Ndinawonjeza kuti papita zaka zambiri, munthu amasintha, ndipo pano ndine mkulu wampingo.

Anandiyang'ana mwachikondi ndithu, n'kupukuta manja.

"Nenani pepala lake, bambo," anatero. "Khalani pomwepo, ndikuwerengerani."

Ndinakhala pomwepo.