Chimbale Sichilembedwa Kunsi

Ine sindine munthu wa nkhani zambiri. Koma iyi ndiinene ndekha, chifukwa anthu a kuno kwa Chimaliro akuithira mchere. Ena akuti ndinatsuka katundu wa mkamwini wanga ndi mchenga. Bodza limenelo. Zimene ndinachita zinaposa pamenepo.

Ntchito yanga pa esiteti inali yoyang'ana masamba pa sikelo. Wothyola tiyi akabwera ndi dengu, ndinkapisa dzanja mpaka pansi, kutembenuza tsamba, kuona. Masamba awiri ndi nsonga, lipite. Okhwima, bwerera nalo. Zaka zonse zija palibe anandipusitsa, ngakhale aja oyala abwino pamwamba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma diso langa ankaliopa mpaka ku fakitale.

Mkamwini wanga, a Fanuwelo, mwamuna wa mwana wanga Esinati, amagulitsa zimbale za magemu. Amakazigula zogwirapo kale ntchito ku Limbe. Ndi zija amaika m'makina n'kumamenya mpira pa TV ndi zala. (Kuti imeneyi ndi ntchito, ine sindinavomerezepo. Munthu woweruka nsapato zili zouma.)

Lachisanu lina anatulutsa katoni yodzaza. Anati mawa lake kukubwera munthu wa nyumba ya magemu ku Luchenza, wofuna zimbale zosalala zokhazokha. Akakhutira, azidzagula kwa iwo mwezi ndi mwezi. Esinati, yemwe anali woyembekezera, anali atayamba kale kukamba za malata.

"Vuto n'kusankha, bambo," anatero a Fanuwelo. "Zosakalika ndi giredi A. Zokalika pang'ono B. Zokalika kwambiri C, zimaima gemu ili pakati. Koma lero ndikuperekeza mnzangayu kusikelo ya amayi oyembekezera."

"Siyani pompo. Giredi ndi ntchito yanga."

Anakanda m'mutu. "Kungoti, bambo, kofunika ndi kunsi kowalaku. Ndiko kumene..."

"Tsamba timaliona kunsi. Mukundiphunzitsa?"

Anandisiyira katoniyo. Mkamwini satsutsa mpongozi wake pakhomo pake. (Akanatsutsa tsiku limenelo.)

Ndinayala mphasa pakhonde. Chimbale chilichonse ndinkachiloza kudzuwa, kuchipendeketsa, kuchiika pa mulu wake. Ngakhale kamzere kochepa ngati tsitsi sikanandidutse. Dzuwa lisanafike pamutu, milu itatu inali chilili. Mtima unayera.

Kenako mbuzi yanga inadula chingwe, n'kudutsa pamphasa pomwepo. Milu yonse mbwee. Ndinaitukwana, n'kuyambiranso. Nditangomaliza kachiwiri, chiperoni chinatsika ku tiyi uko ndi kamvula kake kowaza. Ndinawola zonse kuthawira nazo m'nyumba. Zinasakanikiranso.

Kachitatu ndinati ayi. Katundu wosankhidwa amalembedwa. Ku fakitale thumba silituluka lopanda chizindikiro.

Ndinatenga bolopeni. Inakana, inkangoterereka. Ndinatenga khala. Linafufutika ndi chala. Apo m'pamene ndinakumbuka mayi a Esinati. Mbale zathu zikamapita kumaliro, iwo amazilemba kunsi ndi msomali kuti zisasokonekere. Ndinaganiza ndekha: mbale, chimbale. Dzina lake lomwelo. Ndiponso pamwamba panali zithunzi za anthu, ena ampira, ena amfuti. Kukala nkhope ya munthu si ulemu. Kunsi kunali kopanda kanthu, koyera ngati kakudikira cholembera.

Ndinazula msomali pachitseko cha khola.

Ndinayamba ndi zabwino. Ndinalemba A wamkulu, wooneka ali patali. Zimene zinandisangalatsa kwambiri ndinazidulira mzere kunsi kwa A. Mulu wa A unatha wonse. Wa B ndinafika pakati. Za C sindinazikhudze. Pa sikelo, zobwezedwa sitilemba.

Mkamwini atabwera madzulo, ndinangoloza ndi chibwano.

"Zatha. Ndalembanso, kuti musavutike."

A Fanuwelo anatola chimodzi. Anachitembenuza. Anatola china. China. Kenako anakhala pansi, pafumbi, ndi buluku lawo lakusikelo.

"Mwadwala?" ndinafunsa.

"Ayi, bambo." Anayendetsa chala pa chilembocho. "Mwalemba... ndi chiyani?"

"Msomali. Sizifufutika zimenezo."

"Eya. Sizifufutika." Anawomba m'manja mwaulemu. "Zikomo, bambo. Mwagwira ntchito."

Ananyamuka, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamva akukalipira mbuzi. Anaikalipira nthawi yaitali. Anaiuza kuti ndi yokalamba, yosamva, yodziyesa yodziwa zonse. Ndinadabwa, chifukwa mbuziyo inali ya chaka chimodzi.

Esinati ndiye sanafune mbuzi.

"Ababa! Mwatani?"

"Ndasankha."

"Gemu imakhala kunsiko! Makina amawerenga kowalako! Nanga giredi munkaiyang'ana chifukwa chiyani?"

"Kukongola."

"Kukongola! Mwakhala tsiku lonse kufunafuna zokalika, kenako mwakala nokha zosakalika!"

Zotsalazo anazinena m'Chilomwe. Mwana ameneyu akafika pa Chilomwe, ndiye kuti zavuta.

Ndinakanabe. Ndinati tiyese. Esinati anaika chimodzi chodulidwa mzere m'makina. Makinawo analira ngati nkhalamba ikutafuna chimanga chokazinga, kenako TV inangoti bii. Tinayesa chachiwiri. Chimodzimodzi. Thukuta linandituluka, kunja kuli chiperoni. Ndinayang'ana dzanja langa. Msomali uja ndinali ndikadaugwira.

Mawa lake wa ku Luchenza uja anabweradi, pa njinga yamoto. Ndinafuna kuzembera kudimba. Mayi a Esinati anati, "Khalani pomwepo, muone ntchito yanu."

Munthuyo anatembenuza zimbale chimodzichimodzi, kukamwa kuli yasa.

"Achimwene, munalakwira ndani? Uyu ndi mdani wodziwa ntchito. Taonani, walasa zabwino zokhazokha. Sanaphonye n'chimodzi chomwe."

(Ndisaname. Pamenepo mtima unakoma pang'ono.)

A Fanuwelo anayang'ana pansi. "Ndi mwana, achimwene. Amaseweretsa msomali."

Ine, wa imvi, mutu pansi. Mkamwini kundibisa m'dzina la mwana, pakhomo popanda mwana.

Wa ku Luchenza anatolako zingapo pa theka la B lopulumuka lija, n'kuliza njinga. Sanabwerenso. Malata anadikira. Mbuzi ndinakaigulitsa ndekha pamsika, kuti a Fanuwelo akaodenso katoni ina. Kupepesa ndi pakamwa sindikudziwa. Ndinangowauza kuti, "Ntchito yanuyi ndi ntchito." Anamva.

Zimbale za A zija zili kudimba kwanga, zolendewera pa ulusi, zikuingitsa mbalame. Anthu opita ku tiyi m'mawa amaima n'kukuwa, "Mwadzuka bwanji a Giredi A!" Ine ndimangopitiriza kulima.

Ndaphunzira kufunsa kumene chinthu chili ndi nkhope. Katoni yatsopano amaitsekera m'chipinda, ndipo sindidandaula. Koma wina abwere adzaloze zimbale zakudimbazo kudzuwa. Kupatula zolemba zanga, sapezapo kamzere.